Magetsi a Pamudzi: Sukulu Imene Ana Athu Akuisowa

Caka ca 2024 sicidzaiwalika msanga m'dziko lathu lino la Zambia. Mvula inadula cimanga cisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Njala inabwera ndi mnzake, ndiye mdima. Madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwera kotero kuti cakumapeto kwa cilimwe, mwa makina 6 opanga magetsi a mbali ya Zambia, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira, ndipo m'makomboni ambiri magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Ometa tsitsi, oocherera zitsulo, ogulitsa nsomba ndi nyama za m'firiji, onse anangokhala manja lende.

Amene anali ndi kangacepe m'thumba anathamangira kukagula mapanelo a sola ndi mabatire. Ena mwa mwai anapeza mmisiri wodziwadi nchito yake. Ena anagwa m'manja mwa anthu ongoyerekeza, ndipo mabatire a ndalama zambiri anafa miyezi yowerengeka cabe. Apa ndipo panaonekera poyera kuti dzuwa tili nalo lokwanira, zipangizo zikupezeka m'masitolo, koma manja odziwa kuzilumikiza ndi kuzisamala ndiwo acepa. Mwezi uno tifuna kuti tikambirane za njira imodzi yophunzitsira ana athu nchito imeneyi.

Dzira lonse m'dengu la madzi

Kuyambira kale magetsi athu ambiri amacokera ku madzi. Damu la Kariba linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo malo opangira magetsi a mbali ya kuno kwathu tsopano angathe kutulutsa mamegawati 1,080 madzi akakhala okwanira. Pa mtsinje wa Kafue pali Kafue Gorge yakale ya m'zaka za m'ma 1970, pali Itezhi-Tezhi ya mamegawati 120 imene inayamba mu 2016, ndiponso Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 imene inamalizidwa mu 2023. Kampani ya ZESCO, imene inakhazikitsidwa mu 1970, ndiyo imatenga mphamvu imeneyi ndi kuitumiza pa nthambo zazitali kumigodi ndi kumatauni.

Malo onsewa amadalira mvula imodzimodzi. Ikavuta, monga inacitira mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, onse amafooka pamodzi. Komanso nthambo zazitalizo sizinafike m'midzi yambiri, cifukwa kukoka nthambo mtunda wautali kukafika pa nyumba zocepa kumadya ndalama zoculuka. Ndico cifukwa cake mpaka lero ana ambiri akumudzi amawerenga ndi koloboi kapena ka toci, ndipo anamwino ena amathandiza amai kucira usiku akuunikira ndi foni.

Kodi magetsi a pamudzi n'ciani?

Akatswiri amawachula kuti mini-grid kapena microgrid. Ife m'nkhani ino tiziti magetsi a pamudzi. Ndi malo aang'ono opangira magetsi, osungira ndi kugawira anthu a dera limodzi, monga mudzi, msika, misyoni kapena sukulu, osadalira nthambo za dziko lonse.

Kagwiridwe kake ka nchito n'kotere. Mapanelo amalandira kuwala kwa dzuwa ndi kutulutsa magetsi oyenda njira imodzi, ochedwa DC. Magetsiwo amapita pa kabokosi kochedwa charge controller, kamene kamayang'anira kuti mabatire adzaze bwino osapyola muyeso. Mabatire ndiwo nkhokwe: amasunga za masana kuti zidyedwe usiku. Kucokera apo pali makina ochedwa inverter, amene amasandutsa magetsi a DC kukhala a AC a mavoti 230, onga amene ZESCO imabweretsa m'nyumba zathu. Ndiyeno nthambo za pa mitengo zimawapereka ku nyumba iliyonse, kumene kuli mita yowerenga mayuniti. Pena m'malo mwa dzuwa amagwiritsa nchito mathithi a mtsinje kapena mphepo, ndipo pena amaikapo jenereta ya dizilo yothandizira masiku a mitambo.

Zimenezi zilipo kale pakati pathu. Ku Ikelenge, pafupi ndi kumene mtsinje wa Zambezi unayambira, malo a Zengamina a makilowati 700 akhala akupereka magetsi ku cipatala ca misyoni ca Kalene ndi midzi yozungulira kuyambira ca m'ma 2007. Bungwe la boma loona za magetsi akumidzi, la Rural Electrification Authority, linamanga malo a sola a makilowati 60 ku Mpanta m'boma la Samfya mu 2013. M'Cigawo ca Kum'mawa, kampani ya Muhanya Solar inayambitsa ena ku Sinda mu 2017, ndipo mu 2019 mudzi wa Chitandika nawo unalandira ake. Malo aliwonse otere amafuna munthu wowadziwa, wokhala pafupi, amene angaitanidwe zinthu zikavuta.

Kuphunzira kusambira pa mtunda

Dziko lathu lili ndi masukulu abwino a za magetsi. Yunivesite ya Zambia ku Lusaka ndi ya Copperbelt ku Kitwe zimaphunzitsa mainjiniya. Koleji ya NORTEC ku Ndola, sukulu ya zaumisiri ya ku Chipata ndi ena ambiri oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA amaphunzitsa amisiri. Ku Kafue Gorge kuli sukulu imene inayamba mu 1989, kumene anchito a makampani a magetsi a maiko ambiri a mu Africa amabwera kudzanola luso lao.

Komabe pali vuto limodzi limene mphunzitsi aliyense wa za magetsi amalidziwa, kuno ngakhale kumaiko olemera. Wophunzira za ukalipentala amapatsidwa thabwa, akaliononga amapatsidwa lina. Wophunzira kusoka amapatsidwa nsalu. Nanga wophunzira za mphamvu ya magetsi apatsidwe ciani? Palibe amene angalole mwana wa sukulu kuzimitsa makina a ku Kariba kuti aone cimene cicitike, kapena kuyesa dala kugundanitsa nthambo zopita kumigodi. Ophunzira akapita kukaona malo otere amavala zipewa zolimba, amayenda pambuyo pa wowatsogolera, manja ali kumbuyo, n'kubwerera. Zotsalazo amaziphunzira pa bolodi ndi pa kompyuta. Kuli ngati kuphunzitsa mwana kusambira muli pa mtunda.

Apa ndi pamene magetsi a pamudzi amathandiza. Zonse zimene zili m'nthambo za dziko lonse zilinso m'menemo, koma pa bwalo limodzi loti munthu n'kulizungulira ndi miyendo: popangira, posungira, pogawira, zotetezera ngozi ndi polipirira. Lamulo limene limalamulira ku Kariba ndi lomwelo limalamulira pa mudzi, lakuti mphamvu yotuluka iyenera kulingana ndi mphamvu imene anthu akudya pa mphindi iliyonse. Anthu akayatsa zinthu zoposa zimene makina angathe, mavoti amatsika ndipo makinawo amadzizimitsa okha. Wophunzira akaona zimenezi ndi maso, akamva inverter ikulira ndi kuona mababu akuzima, amamvetsa cifukwa cimene ZESCO imagawira magetsi mosinthanasinthana madzi akacepa. Ndipo akalakwitsa pa malo ophunzirira, cimene capsa ndi fyuzi ya ndalama zocepa.

Masamu a m'nyumba mwathu

Phunziro loyamba ndi kuwerenga zosowa za anthu. Tiyeni tiyerekeze, kuti makolo aone kuti masamu amene ana amadandaula nao kusukulu ali ndi nchito. Yuniti imodzi imene timagula ndi mphamvu ya mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Nyumba ina ili ndi mababu 4 a mawati 5, oyaka maola 5: ndiye 100. Wailesi ya mawati 10 kwa maola 5 ndi 50. Wailesi yakanema ya mawati 50 kwa maola 4 ndi 200. Kuchaja mafoni atatu tiikepo 30. Zonse pamodzi ndi 380, pafupifupi 400. Motero nyumba zisanu zotere zimadya mayuniti awiri pa tsiku, ndipo nyumba 50 zimadya mayuniti 20. Tikaonjezapo mayuniti 5 a kiliniki ndi sukulu, mudziwo ufuna mayuniti 25 tsiku lililonse.

Nanga mapanelo akhale angati? Kuno kwathu dzuwa lamphamvu limawala ngati maola 5 pa tsiku tikaphatikiza caka conse. Panelo ya mawati 300 ingapereke 1,500, koma gawo limodzi mwa magawo asanu limatayika cifukwa ca kutentha, fumbi, nthambo ndi makina, n'kutsala 1,200. Tikagawa 25,000 ndi 1,200 tipeza kuti pafunika mapanelo 21. Mabatire nawo ali ndi masamu ao. Ngati mayuniti 15 adyedwa usiku, ndipo mabatire ndi a mtovu ndi asidi, amene safuna kukhuthulidwa kupyola theka, nkhokweyo iyenera kukhala ya mayuniti 30. Amene amagula batire laling'ono kuti apulumutse ndalama amaligwiritsa nchito mpaka kuuma usiku uliwonse, ndipo limafa msanga. Paja anamwali asanu a m'fanizo la pa Mateyo 25 nyali anali nazo. Cimene sanawerengere bwino ndi mafuta a usiku wautali.

Tsopano bwerani ndi cigayo. Mota ya makilowati 7.5 ikagaya maola 4 imadya mayuniti 30, kuposa nyumba zonse zija pamodzi ndi kiliniki. Ndiponso pa nthawi yoilizayo, mota imakoka mphamvu yoposa kangapo imene imadya ikamazungulira bwinobwino. Wophunzira amene anaonapo mudzi wonse ukuzima cifukwa wacigayo wakanikiza batani sadzaiwala kuti makina otere amafuna inverter yaikulu, mapanelo oonjezera, ndi pangano lakuti azigaya masana dzuwa lili pamutu.

Zimene buku silinena

Pali zambiri zimene munthu amazidziwa pokhapokha atagwira ndi manja. Popeza dziko lathu lili kumwera kwa equator, mapanelo amayang'ana kumpoto, atapendekeka pang'ono kuti madzi a mvula azitsetsereka ndi kutsuka fumbi. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa lupsa zimaphimba galasi, ndipo mphamvu imacepa mpaka wina atakwera ndi nsalu ndi madzi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa panelo imodzi ungafooketse mzere wonse. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, motero cipinda cake cimafuna mpweya wokwanira. Makoswe amatafuna nthambo, ciswe cimadya mitengo, mphezi imafuna njira yolowera pansi, ndipo ngati mmisiri sanaikonzere njirayo ndi citsulo cokhomera m'nthaka, idzadzipezera yokha kupyolera m'makina.

Kuposa zonse, wophunzira amaphunzira kuopa magetsi moyenera. Panelo ilibe pozimitsira: dzuwa likawala, nthambo zake zili ndi moto. Sipanala ikagwera pa mitu iwiri ya batire lalikulu ingathe kufiira ndi kuocha dzanja nthawi yomweyo. Mabatire a asidi amatulutsa mpweya wosacedwa kuyaka. N'cifukwa cake maphunziro amenewa amafuna mphunzitsi wovomerezeka woima pambali, ndipo sitikulimbikitsa mwana aliyense kuyesa yekha kunyumba.

Palinso phunziro la anthu. Kodi yuniti igulitsidwe zingati kuti mlimi akwanitse, komanso kuti ndalama yogulira mabatire atsopano ipezeke akale akatha? Mabatire akatsala pang'ono usiku wa mitambo, ayambe kuzimitsidwa ndani: bala, nyumba za aphunzitsi, kapena firiji ya katemera imene iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8? Nanga wobera magetsi, amene ali mphwake wa amfumu, auzidwe ndi yani? Mafunso otere sayankhidwa ndi masamu okha. Amafuna cilungamo, kuleza mtima ndi kudziwa kukhala pansi ndi akuluakulu a mudzi. Mnyamata kapena mtsikana amene wazolowera zimenezi akali pa sukulu adzakhala injiniya wodziwa kuti kumapeto kwa nthambo iliyonse kuli banja.

Citsanzo ca yunivesite ya Ajezuiti

Njira imeneyi inayesedwa kale. Ku America, mumzinda wa Seattle, kuli yunivesite ya Ajezuiti yochedwa Seattle University. Mphunzitsi wina wa za magetsi kumeneko, Profesa Henry Louie, pamodzi ndi ophunzira ake ndi akatswiri odzipereka, anakonza mapulani a magetsi a dzuwa ndi mphepo amene anamangidwa mu 2014 ku Muhuru Bay, m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Kenya. Pambuyo pake gulu lao, lochedwa KiloWatts for Humanity, linamanga malo a sola ochajira mabatire ndi mafoni m'mudzi wa Filibaba ku Copperbelt mu 2015, kenaka m'midzi ina ya kuno kwathu. Profesayo anakhalanso kwa kanthawi pa yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe. Pa malo amenewa anaikapo tizipangizo totumiza ziwerengero za mavoti ndi mphamvu kupyolera pa netiweki ya mafoni, kotero kuti ophunzira ali kutali amatha kuona mmene mabatire akudzazira ndi kukhuthukira tsiku ndi tsiku.

Tiwayamikire alendo amenewa. Koma tifunsenso: ngati ana a ku Seattle amaoloka nyanja kudzaphunzira pa midzi yathu, nanga ana a m'midzi yomweyo? Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ambiri a ife tikudziwa kiliniki kapena sukulu ina kumene mapanelo a mphatso ali pa denga koma m'kati muli mdima, cifukwa kanthu kakang'ono kanaonongeka ndipo wokonza ali ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja. Mphatso ya makina yopanda mphatso ya luso imatha ndi batire loyamba.

Mpingo ndi nchito za manja

Kwa ife Akatolika nkhani imeneyi si yacilendo. Ambuye athu anakulira m'nyumba ya mmisiri, ndipo pa 1 Meyi timakumbukira Yosefe Woyera Wanchito, cikondwerero cimene Papa Pius XII anakhazikitsa mu 1955. Yohane Bosco Woyera, poona anyamata osowa pogwira m'miseu ya Turin, anawatsegulira mu 1853 tizipinda tophunziriramo kusoka nsapato ndi zovala, ndipo ana ake auzimu, Asalesiani, akupitiriza nchitoyo kuno kwathu, monga ku Chingola. Amisyoni oyamba nawo pomanga chalichi anali kuphunzitsa anthu kuumba njerwa ndi kupala matabwa.

Papa Yohane Paulo Waciwiri, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti pogwira nchito munthu amasintha za m'dziko komanso amakula iye mwini mu umunthu wake. Papa Fransisko, m'kalata ya Laudato Si' ya 2015, anapempha maiko kuti asiye pang'onopang'ono mafuta ndi malasha a pansi n'kutembenukira ku mphamvu zosatha monga dzuwa, ndipo anayamikira magulu a anthu amene amagwirizana kudzipangira okha magetsi a dera lao. Zimene ukalipentala unali m'masiku a makolo athu, luso la magetsi lili comweco m'masiku a ana athu.

Ndipo ponena ana, tikunena aakazi ndi aamuna omwe. Nthambo siifunsa ngati dzanja loigwira ndi la mtsikana. Amene amavutika kwambiri mudzi ukakhala mumdima ndi amai: ndiwo amasinja pamtondo cigayo cikaima, ndiwo amatunga madzi pampu ikafa, ndiwo amacirira mumdima. N'coyenera kuti ana ao aakazi akhale pakati pa odziwa kukonza.

Nanga ife ticitepo ciani?

Maparishi ambiri, nyumba za asisiteri, zipatala ndi masukulu a misyoni ali kale ndi sola, ndipo ena akusonkha ndalama kuti agule. Coyamba, khonsolo ya parishi ikamapangana ndi kampani yodzaika zipangizo, ilembe m'panganolo kuti acinyamata awiri kapena atatu a pamalopo adzagwira nao nchito kuyambira tsiku loyamba, ndi kuti mapulani a kalumikizidwe ka nthambo adzasiyidwa ku ofesi ya parishi. Kampani yokana zimenezi ikufuna kuti tiziigwadira caka ndi caka.

Caciwiri, pakhale buku lolembamo tsiku lililonse mavoti a mabatire m'mawa ndi madzulo, nyengo ya tsikulo, ndi ciliconse cacilendo. Nchito imeneyi ana a Giredi 10 angaithe moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wa sayansi, ndipo buku lotere limaulula matenda a batire lisanafe. Cacitatu, masukulu athu a zaumisiri ndi maparishi oyandikana nao agwirizane, kuti ophunzira azibwera ndi aphunzitsi ao kudzayeza ndi kukonza zipangizo za parishi monga mbali ya maphunziro. Parishi ipeza wokonza, sukulu ipeza pophunzirira. Mutu umodzi susenza denga.

Cacinai cikhudza ife makolo. Tileke kuona sukulu ya zaumisiri ngati kotayira mwana amene walephera kupita ku yunivesite. Mwana wa Giredi 12 amene amakonda kumasula mawailesi ndi matoci tisamangomukalipira. Timufunire malo ku koleji yovomerezedwa ndi TEVETA, kuti luso lake likhale ndi satifiketi ndi mwambo wopewa ngozi. Ndipo mphakati umene umatha kusonkherana pa maliro ndi pa ukwati ungathenso kusonkherana fizi ya mwana mmodzi wamasiye, pa pangano lakuti akamaliza adzatumikira dera lake kwa zaka zingapo.

Mafunso okambirana m'miphakati mwezi uno

1. Kodi m'dera lathu muli zipangizo za sola zimene zinaleka kugwira nchito? Cinaonongeka n'ciani, ndipo ndani angatiuze zoona zake?

2. Pa parishi kapena pa sukulu yathu, ndani amadziwa kalumikizidwe ka magetsi? Iyeyo atasamuka mawa, atsala ndani?

3. Ndi acinyamata ati, aakazi ndi aamuna, amene tingawatumize kukaphunzira, ndipo banja lililonse lingasonkhe ciani pofika nthawi yokolola?

Mayankho anu muwapereke kwa akatekisiti kapena kwa wapampando wa khonsolo ya parishi, kuti akakambidwe pa msonkhano wotsatira. Yosefe Woyera Wanchito atipempherere ife ndi ana athu.